Meander, serpentine ndi kukhotakhota kwathuku, mawu amenewa anachokera kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena omwe amakonda kuwerenga zomwe ndimalemba, ndipo funso lawo lakhala likundizungulira m'mutu masiku onsewa mpaka ndaona kuti bola ndiyankhe poyera kuti enanso amve nawo. Mwachidule akuti ankathandiza mwana wawo homuweki ya jogalafe, nde anakumana ndi mawu achizungu atatu, meander, serpentine ndi sinuous, atafufuza tanthauzo lake anapeza kuti onse atatu akungomasuliridwa kuti kukhotakhota basi. Ndiye akufunsa kuti kodi mawuwa ndi amodzimodzi, anachokera kuti, nanga bwanji ife tili ndi liwu limodzi lokha pomwe azungu ali nawo ambirimbiri, kapena chinenero chathuchi ndi chosauka?

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Ndiyamba ndi mbali yomalizayo chifukwa ndi imene yandikhudza kwambiri. Ayi ndithu, Chichewa si chosauka pa nkhani imeneyi olo pang'ono. Vuto ndi loti womasulira akafulumira amangotola liwu lomwe lili pafupi, nde mawu ena onse amatsala m'thumba.

Tayesani izi pompano, tengani chingwe chotchajira foni chija. Mukachigwira pakati n'kukumanitsa nsonga ziwirizo, mwachipinda, ndipo chikakhala choncho timati chapindika. Mukagwira nsonga zonse n'kumatembenuza ina kumanja ina kumanzere, apo simukupindanso ayi, mukuchipota, ndipo mukachisiya muona chapotoka chokha ngati chikufuna kubwerera mwakale. Mukachizunguliza pa zala zanu bwinobwino kuti musunge, mwachikulunga. Koma mukangochiponya m'chikwama limodzi ndi makiyi ndi mahedifoni, mawa lake mukachipeza chapiringizana moti kumasula kwake mpaka kupsa mtima. Chingwe chimodzi chomwecho, maonekedwe anayi osiyana, ndipo palibe munthu woyankhula Chichewa amene angasokoneze mawu amenewa, ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kuti kupota ndi kupinda ndi zinthu ziwiri. Tikapitiriza pali kuyanga kwa zomera zija zimakwera pa zinzake, pali kuzungulira, palinso njoka ikagona itadzikulunga timati yapanga nkhata, chifukwa mawonekedwe ake ndi omwe aja a nkhata yosenzera katundu.

Tsono kukhota kuli ndi malo akeake. Chimakhota ndi chinthu chomwe chili ndi kolowera, msewu, mtsinje, mzere, njira, chinali kupita uku kenako chasiya n'kulowera kwina. Kukhota ndi kamodzi. Chikabwereza, kumanja kenako kumanzere kenakonso kumanja, ife sitipita kukasaka liwu lina latsopano, timangobwereza liwu lomwelo, kukhotakhota. Ine chimenechi chimandisangalatsa kwabasi chifukwa liwulo likuchita chomwe likunena, pakamwa pomwe pamakhota kawiri. Chimodzimodzi kupindikapindika, kuzungulirazungulira, ngakhalenso piringupiringu uja timanena anthu kapena tizilombo tikamapiringizana malo amodzi. Kumene chizungu chinachita kubwereka mawu osiyanasiyana ku Chilatini, Chigiriki ndi Chifalansa, ife timatenga tsinde limodzi n'kumalisintha, mwina kulibwereza, mwina kusintha kumapeto kwake. Taonani kuwongoka ndi kuwongola, kupotoka ndi kupotoza, kukhota ndi kukhotetsa, mbali imodzi chinthu chachitika chokha mbali inayo pali wina wachichititsa. Chizungu nachonso chili nako kaliwu kamodzi kobwereza chonchi, zigzag, kapena zigizagi momwe timanenera, kamene kanalowa m'chizungu kuchokera ku Chifalansa cha m'ma 1700, koma kameneka kamanena za makona akuthwa ngati mano a sowo, osati kukhota kofewa kwa njoka.

Tsopano tibwere ku mawu atatu a mwana wanu aja, chifukwa lililonse lili ndi mbiri yake ndipo mukaidziwa simungawasokonezenso.

Meander poyambirira silinali liwu lofotokoza mawonekedwe, linali dzina la mtsinje weniweni. Agiriki akale ankautchula Maiandros, uli kumadzulo kwa dziko lomwe lero ndi Turkey, pano umatchedwa Büyük Menderes, kutalika kwake kumaposa makilomita 500 ndipo umakathira m'nyanja ya Aegean. Mtsinjewu ukafika kuchigwa umakhotakhota modabwitsa moti Strabo, katswiri wa jogalafe amene anakhalako zaka pafupifupi 2000 zapitazo, analemba kuti chilichonse chokhotakhota anthu ankangochitchula ndi dzina la mtsinjewo. Ngakhale kamzere kokongoletsa kaja kamakhala m'mphepete mwa miphika ndi nyumba za Agiriki, kokhota ngati makiyi olumikizana, nakonso kanatenga dzina lomwelo. Chinanso chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti mtsinjewu unanyamula dothi lambiri zedi zaka mazanamazana mpaka unakwirira gombe lonse la mzinda wa Miletus, mzinda omwe unali doko lotchuka la zombo koma mabwinja ake lero ali kumtunda, makilomita angapo kutali ndi nyanja. Nde mwana wanu akaona meander adziwe kuti ndi kukhotakhota kwa chinthu choyenda pang'onopang'ono pamalo a fulati, chopanda changu, ndipo mu jogalafe amatanthauza khona lenileni la mtsinje.

Serpentine ndi lochokera ku njoka, izi mwina munaziganizira kale. Koma chimene chimandigwira mtima ndi komwe liwu la njokalo linachokera. Pa Chilatini njoka ndi serpens, kuchokera ku mneni serpere, kutanthauza kukwawa. Ndiye kuti ndi liwu limeneli Aroma ankangoitchula njoka kuti chokwawa. Agiriki anali ndi mneni wachibale, herpein, kukwawanso, ndipo kumeneko ndi komwe kunachokera herpetology, maphunziro a njoka, abuluzi ndi achule, komanso dzina la nthenda ija ya pakhungu yotchedwa herpes, chifukwa zilonda zake zimaoneka ngati zikukwawa pathupi. Ku India m'chinenero chakale cha Sanskrit njoka ndi sarpa, tsinde lomwe lija. Liwu loti reptile nalonso likuchokera ku mneni wina wa Chilatini, repere, kukwawa. Ngakhale snake weniweniyo, m'chizungu chakale anali snaca, ndipo tsinde lake ndi la kukwawanso. Nanga ife gulu lonse la njoka ndi abuluzi timalitcha chani? Zokwawa. Anthu otalikirana chonchi, osadziwana, anayang'ana nyama yomweyo ndipo chomwe anaona poyamba ndi kayendedwe kake.

Kuchokera pamenepo serpentine anafalikira pa zinthu zambiri. Ku London mu Hyde Park muli nyanja yokumba yotchedwa Serpentine, inapangidwa mu 1730 pa lamulo la Mfumukazi Caroline, ndipo anaitcha choncho chifukwa inali yokhota pa nthawi imene maiwe a m'mapaki ankakumbidwa owongoka. Amakaniko amadziwa lamba mmodzi wamtali uja amadutsa pa mapule ambirimbiri kutsogolo kwa injini, amazungulira apa n'kubwerera apo, dzina lake lachizungu lili ndi liwu lomweli. Ku Germany misewu ya m'mapiri ya makona obwerera m'mbuyo amaitchanso Serpentine, ngati uja wa Stelvio kumpoto kwa Italy omwe mbali imodzi yokha uli ndi makona 48. Pali ngakhale mwala wobiriwira wotchedwa serpentine, koma umenewo sunakhote ayi, anaupatsa dzinalo chifukwa mawanga ake amafanana ndi khungu la njoka.

Pano ndipatuke pang'ono ndinene za liwu lathu loti njoka, chifukwa nalo ndi lakalekale kuposa momwe timaganizira. Pa Chiswahili ndi nyoka, pa Chishona nyoka, pa Chizulu inyoka, pa Chibemba insoka, pa Chiyao lijoka, pa Chitswana noga. Mukawaika pamodzi chonchi mumva nokha kuti ndi liwu limodzi lomwe makolo a zinenero za Bantu anayenda nalo pomwe ankabalalika zaka masauzande zapitazo, chasintha kwambiri ndi kutsogolo. Ndipo ifenso timaligwiritsa ntchito potengera mawonekedwe, mwachitsanzo njoka za m'mimba si njoka zoluma, ndi nyongolotsi, koma poti n'zazitali, zopanda miyendo, zopindikapindika, zinalandira dzinalo. Aroma anachitanso zomwezo, anali ndi liwu lina la njoka loti anguis, nde nsomba ija yaitali yoterera, mkunga, anaitcha anguilla, ngati kunena kuti kanjoka. Chilumba cha Anguilla ku Caribbean chili ndi dzina lomwelo, ndipo mukachiona pa mapu ndi chachitali chopyapyala.

Koma kodi njoka imakhotakhota chifukwa chani? Ine ndinazimvetsa tsiku lina nditaona kanjoka kakang'ono katalowa m'chipinda cha simenti yosalala yopolishidwa. Kankadzipinda mwamphamvu, thupi lonse likugwedezeka uku ndi uku mofulumira, koma osasuntha, kali pamalo amodzimodzi ngati galimoto yatitimira m'matope. Katangofika pakhomo pomwe panali timiyala ndi udzu, kamphindi komweko kanazimiririka. Apo m'pamene ndinaona kuti kukhota kulikonse kwa thupi lake ndi phazi, njoka imakankha mwala, muzu kapena dothi ndi mbali ya khonalo, kumanja ndi kumanzere nthawi imodzi, mphamvu za m'mbalizo zimathana yotsala n'kukhala yopita kutsogolo. Msana wake uli ndi timafupa 200 mpaka 400 kutengera mtundu, pomwe munthu ali nato 33 basi, n'chifukwa chake imapindika paliponse. Komabe si njoka zonse zimayenda chonchi nthawi zonse. Mphiri ndi nsato zikuluzikulu nthawi zambiri zimayenda mowongoka, zimakoka thupi ndi mamba a kumimba ngati mbozi, moti mkukuluzi wa mphiri pa mchenga umakhala mzere umodzi wolunjika. Ndiye tikamati chinthu chikukhotakhota ngati njoka, tikunena za kayendedwe kamodzi mwa ingapo.

Sinuous ndi limene lili ndi mbiri yokoma kuposa onse kwa ine. Likuchokera ku liwu la Chilatini loti sinus, lomwe linkatanthauza pamene chinthu chalowa mkati mofewa, monga pamene nyanja yalowa kumtunda, kapena pamene chovala cha Aroma chinkapindika pachifuwa n'kupanga ngati kathumba. Madokotala mpaka lero amatchula timphako ta m'mafupa a kumaso kuti sinus. Tsono mverani izi, mwana wanu akafika ku masamu a matrayango adzakumana ndi sine, ndipo ndi liwu lomweli, koma linafika kumeneko molakwitsa. Akatswiri a masamu a ku India, ngati Aryabhata amene analemba cha m'ma 499, ankatchula muyezo umenewu kuti jya kapena jiva, kutanthauza chingwe cha uta. Aluya atautenga anaulemba jiba, koma poti kalembedwe ka Chiarabu nthawi zambiri sikaonetsa mavawelo aafupi, pa pepala panangooneka j, y ndi b. Omasulira a ku Spain m'zaka za m'ma 1100 anawerenga ngati jaib, liwu lachiarabu lotanthauza pachifuwa pa malaya kapena thumba, nde anangolemba sinus. Chodabwitsa n'choti patapita zaka mazana anthu atayamba kujambula girafu ya sine, inatuluka mzere wokwera ndi kutsika mofewa ngati njoka ikusambira, ndiye dzina lolakwika lija linakhala loyenera ndithu. Choncho sinuous ndi kukhota kosalala, kopanda makona akuthwa, amalinena pa thupi la wovina, pa utsi ukamakwera, pa khosi la mbalame.

Pali liwu lachinayi lomwe simunalitchule mu imelo yanu koma ndi la m'banja lomweli, tortuous. Ili likuchokera ku torquere, kupota. Apa nde mpamene zinenero zimagwirizana mochititsa chidwi, chifukwa kuchokera ku tsinde lomweli kunabwera torture, kuzunza munthu, poti kale ankachita kupotokola ziwalo, kunabweranso distort, lomwe ndi ndendende kupotoza kwathu kuja tikamati wapotoza nkhani. Pa Chifalansa tort ndi kulakwa. Liwu lachizungu loti wrong poyamba linkatanthauza chokhota, ndipo right likuchokera ku tsinde lotanthauza chowongoka. Nanga ife? Munthu wabwino timati wolungama, chilungamo, kulunjika, nkhani ikayenda bwino timati yawongoka, munthu wachinyengo timati njira zake n'zokhotakhota, wina akamazemba funso timamuuza kuti osazungulira, ndipo akulu amati kuwongola mtengo m'poyamba. Zikuoneka kuti mtundu wa anthu pafupifupi kulikonse unagwirizana kuti chowongoka ndi chabwino, chokhota ndi chokayikitsa.

Pa khalidwe la munthu ndikuvomereza. Koma ine ndimaona kuti maganizo amenewa tinawapititsa patali mpaka tinayamba kuona ngati mtsinje wokhotakhota nawo ndi wolakwika ofunika kuwongola, ndipo apa m'pamene homuweki ya mwana wanu ikukhudzana ndi nkhani ya mawuyi. Mtsinje sukhota mwangozi. Pakangokhala kakhona kakang'ono, madzi a mbali ya kunja amathamanga kwambiri ndipo amagumula gombe, pomwe a mbali ya mkati amayenda mwaulesi n'kumasiya mchenga, nde khonalo limangokulirakulira chaka ndi chaka. Mukaima pa khona la mtsinje uliwonse wa m'chigwa muona zomwezi, tsidya lina ndi phompho lakuya, tsidya linalo ndi mchenga woti mwana n'kusewerapo. Albert Einstein yemwe uja analembapo za nkhaniyi mu 1926, ndipo chitsanzo chake chinali kapu ya tiyi. Takasani tiyi wa masamba ndi supuni kenako musiye, muona masamba aja akusonkhana pakati pa kapu pansi, osati m'mbali momwe munthu angaganizire, chifukwa madzi a pansi amachedwa pokhulana ndi kapu ndipo amakokedwera mkati. Kuzungulira kobisika komweko ndi komwe kumachitika pa khona la mtsinje, kumachotsa dothi kunja n'kukalitula mkati. Akatswiri ali ndi muyezo wake, amatenga kutalika kwa mtsinje motsata madzi n'kugawa ndi mtunda wowongoka pakati pa malo awiriwo, yankho likaposa 1.5 ndiye amati umenewo ndi mtsinje wa ma meander.

Anthu anayesapo kuwongola mitsinje ndipo zotsatira zake zinaoneka. Mtsinje wa Rhine ku Germany anayamba kuudula makona mu 1817 motsogozedwa ndi injiniya Johann Gottfried Tulla, unafupika ndi makilomita pafupifupi 80, zombo zinapeza njira yabwino ndipo minda inachuluka, koma madzi anayamba kuthamanga kwambiri, kukumba pansi, ndipo kusefukira kunasamukira kwa anthu a kumunsi. Ku Florida m'dziko la America kuli mtsinje wa Kissimmee omwe unali wa makilomita 166 okhotakhota, pakati pa 1962 ndi 1971 anausandutsa ngalande yowongoka ya makilomita 90. Madambo anauma, mbalame za m'madzi ndi nsomba zinachepa kwambiri, mpaka boma linabwerera kukakwirira mbali ina ya ngalandeyo kuti madzi abwerere m'makona ake akale, ntchito yomwe inatha mu 2021. Paja amati madzi saiwala khwawa, ndipo atangowatsegulira anabwereradi momwe ankadutsa kale, mbalame nazo zinayamba kubwerera. Makona aja ndi amene amachedwetsa madzi, kuwapatsa nthawi yolowa pansi, n'chimodzimodzi msewu wa m'phiri, ukanakhala wolunjika palibe lole yomwe ikanakwera, ndi matumbo athu omwe, aang'ono okha ndi pafupifupi mamita 6 ndipo akukwana m'mimba chifukwa chopindikapindika.

Ndiye pomuthandiza mwanayo mutha kumuuza chonchi m'Chichewa chomveka, meander ndi kukhotakhota kwa mtsinje wa pachigwa, serpentine ndi kukhotakhota ngati njoka ikuyenda, kobwerera uku ndi uku, sinuous ndi kupindika kofewa kosalala, ndipo tortuous ndi kopotoka kovuta kutsata. Muzimulimbikitsanso kuti akamafotokoza m'chinenero chake asamangothamangira kukhotakhota, adzifunse kaye ngati chinthucho chakhota, chapindika, chapotoka, chakulungana kapena chapiringizana.

Liwu lina lomwe akumane nalo pa tsamba lotsatira la buku lakelo ndi oxbow, ndikuuzirenitu. Khona la mtsinje likakula kwambiri, mbali ziwiri zija zimayandikana mpaka pamatsala kakhosi kakang'ono ka dothi, nde tsiku lina madzi akasefukira amangoboola pakhosipo n'kudutsa chindunji, khona lakale lija limatsekeka ndi mchenga mbali zonse n'kutsala dziwe lopindika ngati chilembo cha U. Azungu analitcha oxbow potengera kamtengo kopindika kaja kamadutsa kunsi kwa khosi la ng'ombe pa goli, pomwe ku Australia dziwe lotere amalitcha billabong, liwu lochokera m'chinenero cha Wiradjuri cha eni nthaka akumeneko. Mukatsegula mapu a setilaiti pa foni n'kuyang'ana mtsinje wa Mississippi kapena mitsinje ya ku Amazon, mudzaona timaiwe timeneti tili mbwee mbali zonse ziwiri za mtsinje, ena akadali ndi madzi ena anauma kale kungotsala chipsera chobiriwira, ndipo mwanayo atha kulondola ndi chala pomwe madzi ankadutsa kalelo.